Khoma la Kumadzulo

Ndimafika pantchito dzuwa litapendeka,
chipewa chaubweya m'thumba, chibonga m'khwapa.
Geti la abwana ku Area 47 limandilonjera ndi ukali,
ukaligwira chikhatho chimathawa chokha.
Koma chitsulo sichisunga chinsinsi.
Zomwe dzuwa lachinong'oneza masana
chimaulula zonse kusanade bwino,
pofika eyiti koloko chili zii
ngati mphuno ya galu.

Zaka zisanu ndi chimodzi zaulonda
zandiphunzitsa kufunsa zinthu ndi msana.
Juni wa ku Lilongwe sadziwa nthabwala.
Chisanu chimakwera kuchokera ku Lingadzi,
chimalowera pachigamba cha pabondo
n'kukakhala m'mafupa ngati chalipira lendi.

Simenti ya pakhonde ndi mbala.
Ukaikhalira imakusolola kutentha mwakachetechete,
osakhuta, mpaka chiuno chiume.
N'chifukwa chake ndimayala katoni.
Katoni alibe moto wakewake,
sapatsa, salanda,
amangoima pakati pa ine ndi simenti
ngati nkhoswe pa mlandu wa banja.

Mayi Chikaonda akukhitchini amandisiyira tiyi.
Sipuni yangoviika mutu wokha
koma moto wakwera kale mpaka kumchira,
wandiluma chala.
Kamtengo kamene ndimatakasira shuga akathawa pansi
kamatuluka osadziwa n'komwe kuti kunali moto.
Madzi otsala ndimathira m'botolo,
botolo m'sokosi, sokosi pamimba.
Madzi amachedwa kupsa mtima,
amachedwanso kukhululuka.
Amandiperekeza mpaka cha m'ma wani.

Akandisiya ndimapita kwa mnzanga wakale,
khoma la kumadzulo,
la njerwa zootcha, losapaka pulasitala.
Masana onse dzuwa limalimenya, ilo duu,
kumangomeza,
njerwa kupatsira inzake, inzake kupatsira inzake,
mpaka m'kati momwe diso silifika.
Usiku ndi pomwe limabweza ngongole.
Ndikatsamira limandipatsa dzuwa ladzulo
pang'onopang'ono, mopimira,
ngati wogulitsa mafuta ophikira a m'timapepala.
Ndalitukwanapo kuti ndi louma manja.
Koma geti lowolowa manja lija lili kuti?

Cha m'ma folo nalonso limatha mawu.
Apo timangokhala awiri, ozizira tonse,
kumvetsera malole akubuula pamsewu wa ku Mchinji.

Kukayera ndimawoloka kupita kwathu ku Mtandire,
ndipo ndimayenda ngati wothamangitsidwa.
Nankhoma amakhala atanyamuka kale
kukapikula tomato ku Wakawaka.
Ine ndi iye timaonana bwino Lamulungu lokha.
Masiku enawa pakhomo ndimapeza loko,
malata akudontha thukuta lozizira.
Koma podzuka iye sayalula bulangete.
Amalipinda kawiri pamalo pomwe anagona,
n'kusanjikapo jekete langa lakale.

Bulangete nalonso lilibe moto.
Limangogwira chomwe lapatsidwa,
kuchitsekera m'timipata ta ulusi
kuti chisapeze njira.
Ndikafulumira ndimamupeza momwemo,
phewa lake, msana wake,
kutentha kwa munthu amene pano ali pa minibasi.
Abwana akachedwa kudzuka kudzandimasula
ndimapeza nsalu chabe.

Pofika masana malata asanduka chiwaya,
amandidzutsa ndili nyowe.
Kwanga kutentha sikungamudikire,
iye amabwera nyenyezi zitatuluka.

Ndiye ndinatola njerwa imodzi
pomwe ankagwetsa mpanda wakale wa abwana.
Imakhala padzuwa kuseri kwa bafa tsiku lonse,
kenako pambali pa mbaula ndikamaphika.
Ndisanatseke chitseko ndimaikulunga m'chitenje chake chobiriwira
n'kuilowetsa kumiyendo kwa mphasa.

Sanandifunsepo za njerwayo.
Ine sindinamufunsepo za jekete.
Koma m'mawa uliwonse ndimaipeza panja,
kuseri kwa bafa,
ataiika kale poyang'ana dzuwa.